Zotsatira za kuyezetsa khomo la chiberekero: kumene nthawi imathera

Kuyezetsa khomo la chiberekero sikutenga nthawi. Mayi akagona pabedi loyezera, namwino amalowetsa kachipangizo kotsegulira njira, n'kuyang'ana khomolo, n'kupalapo pang'ono ndi kaburashi kofewa kapena kupakapo mankhwala, ndipo mphindi 10 zisanathe mayi uja amakhala atavala kale. Chimene chimatalika ndi kudikira. Wina amauzidwa zotsatira asanatsike n'komwe pabedipo, wina amauzidwa kuti abwerenso pakatha masabata awiri, wina miyezi itatu imatha foni ili zii. Onsewa amanena chimodzimodzi kuti anakayezetsa khansa ya khomo la chiberekero, koma zimene anawachita n'zosiyana, ndipo ulendo umene zimene anawatengazo zimayenda ndi wosiyananso.

Amayi ambiri amatenga kuchedwako ngati uthenga. Ena amati, "Apeza chinachake, akungosowa pondiyambira." Ena amati, "Kukanakhala vuto akanandiimbira kale." Maganizo awiri onsewa alibe pogwira, koma achiwiriwa ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Oyamba amalanda tulo kwa masabata angapo, pamene achiwiri angathe kumusocheretsa mayi kwa zaka zambiri mpaka matenda amene akanachizika mosavuta atakula. Kuti izi zimveke, tiyenera kutsatira sampulo kuchokera pamene yachoka m'thupi mpaka pamene yankho lafika m'khutu mwa mwiniwake.

Choyamba, kodi akufufuza chiyani?

Dzina lakuti "kuyezetsa khansa" limaopsa kuposa ntchito yeniyeniyo. Kuyeza kumeneku ndi kwa amayi amene sakumva kupweteka paliponse, ndipo cholinga chake chachikulu ndi kupeza zinthu zimene zimabwera khansa isanayambe. Pafupifupi khansa yonse ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana ndipo n'kofala kwambiri moti anthu ambiri amene anagonanapo amakatenga nthawi ina pa moyo wawo. Wasayansi wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndi amene anasonyeza kugwirizana kwa kachilomboka ndi khansayi, ndipo anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 2008. Mitundu ya HPV ilipo yoposa 100, koma makina oyezera amafufuza mitundu pafupifupi 14 yoopsa. Iwiri yokha, mtundu 16 ndi mtundu 18, ndi imene imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 alionse a khansa imeneyi.

Mwa anthu 10 amene atenga kachilomboka, pafupifupi 9 thupi lawo limakagonjetsa lokha pasanathe zaka ziwiri, iwo osadziwa n'komwe. Vuto limakhala kwa ochepa amene kachilombo kamakanirira. Kwa amenewa maselo a pakhomo la chiberekero amayamba kusintha maonekedwe pang'onopang'ono. Madokotala amakupatsa kusinthaku magiredi atatu, CIN1, CIN2 ndi CIN3, potengera mmene maselo osinthawo alowerera m'khungu lopyapyala la khomolo. Yonseyi si khansa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti kwa mayi amene chitetezo cha m'thupi mwake chili bwino, pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti khansa ipangike. Kwa amene chitetezo chake chinatsika, monga mayi amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, zingatenge zaka 5 mpaka 10. Ndipo amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka ka 6 poyerekeza ndi anzawo.

Manambala amenewa ndi ofunika kuwasunga m'mutu, chifukwa ndi amene amatiuza kulemera kwenikweni kwa sabata iliyonse imene mayi akudikira.

Njira zitatu, nthawi zitatu

Njira yofulumira kuposa zonse ndi ya viniga, imene azachipatala amaitcha VIA. Namwino amanyowetsa thonje mu asidi wofooka wa mu viniga, wa mphamvu ya 3 mpaka 5 peresenti, n'kupaka pakhomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi tochi ili m'manja. Malo amene maselo ayamba kusintha amayera mbuu, m'mphepete mwake mooneka bwino, pamene malo abwinobwino amakhalabe ofiirira. Palibe chimene chimatumizidwa kulikonse. Yankho limatuluka pompo. Kufooka kwa njirayi n'kwakuti imadalira diso la woyezayo, kuwala kwa m'chipindamo ndiponso luso lake. Anamwino awiri angathe kuyang'ana khomo limodzi n'kusiyana maganizo. Kwa amayi amene adutsa zaka 50 kapena asiya kusamba, malo amene matendawa amayambira amabwerera mkati mwa khomo mosaoneka ndi maso, choncho njirayi siithandiza kwenikweni.

Njira yachiwiri ndi yakale ija ya Pap smear, imene inatenga dzina la George Papanicolaou, dokotala wa ku Greece amene ankagwira ntchito ku New York. Iye anafotokoza koyamba mu 1928 kuti maselo a khansa angathe kuoneka pa galasi, koma anthu anayamba kumumvera kwenikweni cha m'ma 1943. Pa njirayi maselo amene apalidwa amapakidwa pa kagalasi kapena kutsukuluzidwa m'kabotolo ka madzi osungira, n'kutumizidwa ku labotale kuti munthu akawayang'ane pa maikulosikopu. Iyi ndi imene imachedwa kwambiri, ndipo tiona chifukwa chake.

Yachitatu ndi yofufuza kachilombo ka HPV keniko. Pano sayang'ana maonekedwe a maselo koma makina amafufuza DNA ya kachilomboko. Mu 2021 bungwe la WHO linalangiza kuti njira imeneyi ikhale yoyambirira kulikonse kumene kungatheke: kuyambira zaka 30, n'kumabwereza pakatha zaka 5 mpaka 10, ndipo kwa amayi amene ali ndi HIV kuyambira zaka 25, n'kumabwereza pakatha zaka 3 mpaka 5. Maiko a Netherlands ndi Australia anasinthira ku njirayi mu 2017, England inamaliza kusintha mu December 2019. Ubwino winanso ndi wakuti mayi angathe kudzitenga yekha sampulo ndi kamtengo ka thonje, osagona pabedi loyezera. Nthawi yodikira pano imadalira makina. Alipo ang'onoang'ono, monga GeneXpert, amene amayeza sampulo iliyonse payokha n'kutulutsa yankho pakatha pafupifupi ola limodzi. Alipo akuluakulu a m'malabotale a m'mizinda amene amayeza masampulo ambiri nthawi imodzi m'maola ochepa.

Ndiye funso loyamba kwa mayi amene akudandaula kuti mnzake anamuuza tsiku lomwelo pamene iye akudikirabe ndi lakuti, anakuyezani njira iti?

Ulendo wa kabotolo

Tiyeni tikatsatire kabotolo ka Pap smear. Namwino akatseka chivindikiro amalembapo dzina, tsiku lobadwa ndi nambala, n'kudzaza fomu yoperekeza. Kabotoloko sikanyamuka nthawi yomweyo. Kamadikira mu bokosi mpaka tsiku limene galimoto kapena njinga yamoto yotolera masampulo imadutsa, ndipo kwina imadutsa tsiku lililonse, kwina kamodzi pa sabata. Kakafika ku labotale, wolandira amafananitsa dzina la pa botolo ndi la pa fomu. Zikasiyana ngakhale pang'ono, sampuloyo imaikidwa pambali mpaka chipatala chimene chinatumiza chiyankhe, ndipo nthawi zina imakanidwa kumene. Kumeneku si kuuma mtima. Kupatsa mayi zotsatira za munthu wina n'koopsa kuposa kumubweza kuti ayezedwenso.

Kenako maselo amayalidwa pa kagalasi, n'kuviikidwa m'mankhwala a utoto motsatizana kuti mkati mwa selo iliyonse muoneke bwino. Apa m'pamene ntchito yolemetsa imayambira. Katswiri amakhala pa maikulosikopu n'kumayendetsa kagalasiko mzere ndi mzere, kuchokera ngodya ina kufika ina. Kuti sampulo ya m'kabotolo ivomerezeke pamafunika maselo osachepera 5,000, ndipo nthawi zambiri amakhala ochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Pakati pa chinamtindi chonsecho iye akufufuza mwina maselo 10 kapena 20 amene pakati pake pakula mopitirira, padetsedwa kwambiri, kapena m'mphepete mwake mwakhotakhota. Diso limatopa. N'chifukwa chake ku United States lamulo la 1988 linaika malire akuti munthu mmodzi asapitirire magalasi 100 pa maola 24, ndipo malabotale ambiri amaona kuti ngakhale nambala imeneyi ndi yokwera. Galasi limene laoneka labwinobwino nthawi zambiri limaonedwanso ndi munthu wachiwiri, kaya lonse mwachidule kaya posankha ena mwa iwo. Limene lakayikitsa limapita kwa dokotala wa ukatswiri woyeza maselo kuti atsimikize.

Mukawerengetsa nthawi imene manja ndi maso a munthu akhala pa sampulo imodzi, kuyambira kulembera mpaka kusaina, siikwana tsiku limodzi la ntchito. Masabata ena onsewo kabotolo kamakhala pa mzere, kudikira galimoto, kudikira utoto, kudikira diso, kudikira siginecha, kenako pepala la zotsatira nalo kudikira womutengera kubwerera kumene linachokera.

Makina a HPV anachepetsa mbali ya diso la munthu, koma ali ndi mizere yawo. Akuluakulu aja amayeza masampulo pafupifupi 90 ulendo umodzi, ndipo mankhwala ake ndi okwera mtengo, choncho labotale siifuna kuwayendetsa ali ndi masampulo 12 okha. Zili ngati minibasi imene siinyamuka isanadzaze: amene anakwera koyamba ndi amene amadikira nthawi yaitali. Ang'onoang'ono aja m'zipatala zambiri amagwiranso ntchito yoyeza TB ndi kuchuluka kwa HIV m'magazi, ndipo wodwala amene akutsokomola magazi amayenera kutsogola. Makatiriji, timabokosi toikamo sampulo m'makinawa, akatha kapena magetsi akavuta, yankho la ola limodzi lija limasanduka la mwezi.

Pali chinthu chimodzi choyenera kunena mosabisa. M'maiko amene amayamba ndi kuyeza HPV, sampulo imene yapezeka ndi kachilombo imapitirira ku sitepe yachiwiri: kuchokera m'kabotolo komweko amakonza galasi kuti aone ngati maselo asintha. Izi zimawonjezera masiku. Choncho n'zoona kuti nthawi zina zotsatira zokhala ndi kachilombo zimachedwerapo. Koma n'zoonanso kuti malabotale ambiri amathamangitsa zotsatira zimene zaoneka zoopsa kwambiri, mwina kuimba foni kumene m'malo modikira kalata. Kuchedwa kungachokere mbali iliyonse, ndipo mayi amene wakhala kunyumba alibe njira yodziwira kuti kwake kwachokera kuti.

Mzere ukatalika

Ngakhale maiko olemera amapunthwa pa nkhaniyi, ndipo mmene amapunthwira muli phunziro. Ku England muyezo wa boma ndi wakuti amayi 98 pa 100 alionse azilandira zotsatira pasanathe masiku 14. Mu 2018, pamene dzikolo linkakonzekera kusinthira ku makina a HPV, zinadziwika kuti malabotale ambiri oyeza maselo adzatsekedwa n'kutsala ochepa. Akatswiri a maikulosikopu anayamba kuchoka kukafuna ntchito zina, atsopano osalembedwa, koma masampulo ankabwerabe ngati kale. Ofesi yowerengera za chuma cha boma, National Audit Office, inapeza kuti mu March 2018 mayi mmodzi yekha mwa atatu ndi amene ankalandira zotsatira pa nthawi yake, ndipo pofika December chaka chomwecho anali atangopitirira theka.

Ku Ireland zinachitika mwanjira ina. Mu 2018 kunaphulika nkhani yakuti amayi ena amene anadwala khansa sanauzidwe kuti magalasi awo akale ataonedwanso anapezeka kuti anawerengedwa molakwika. Mayi wina, Vicky Phelan, anakana kusainira kuti asunge chinsinsi pa mlandu wake, ndipo nkhani inafala dziko lonse. Boma linalola mayi aliyense wodera nkhawa kuyezedwanso kwaulere. Amayi anakhamukira kuzipatala, malabotale anadzaza, masampulo pafupifupi 80,000 anaunjikana, ndipo ena anadikira zotsatira kwa miyezi yoposa 6.

M'zitsanzo ziwirizi matupi a amayi sanasinthe chilichonse. Chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa masampulo poyerekeza ndi maso owayang'ana. Katswiri woyeza maselo sapangidwa m'mwezi umodzi, ndipo kampeni iliyonse yoitanira amayi kukayezetsa imene sinaganizire za labotale imangosamutsa mzere kuchoka pakhomo la chipatala kupita pa shelefu. Kwa ine, woyendetsa ntchito ya zaumoyo amene amanyadira chiwerengero cha amayi oyezedwa koma sadziwa kuti angati alandira zotsatira zawo sanamalize kuwerenga.

Kudikira kwachiwiri: kanyama kodulidwa

Zotsatira zoyamba zikakayikitsa, mayi amatumizidwa kukaonedwa ndi makina okulitsa khomo la chiberekero, otchedwa colposcope, ndipo dokotala angadule kanyama kochepa kwambiri pamalo okayikitsawo. Ena amachotsa mbali yonse yodwalayo ndi kawaya kamagetsi, njira yotchedwa LEEP, ndipo chimene chachotsedwacho chimatumizidwanso kukayezedwa. Uku ndiye kudikira kumene kumasowetsa mtendere kwambiri, chifukwa tsopano mayi akudziwa kuti china chake chinaonekadi.

Kanyamako kamaikidwa m'mankhwala a formalin kuti kaume osaola, kamachotsedwa madzi, kamakwiriridwa mu sera, kenako kamasengedwa ndi mpeni wa makina m'tizidutswa topyapyala kuposa tsitsi, n'kupakidwa utoto. Ntchito imeneyi payokha imadya masiku angapo ndipo siingafupikitsidwe kwambiri. Kenako pamafunika dokotala wa ukatswiri woyeza minofu, ndipo amenewa ndi osowa. M'maiko ambiri a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara dokotala mmodzi wotere amatumikira anthu oposa 500,000, pamene ku Britain kapena ku United States amatumikira anthu pafupifupi 20,000 kapena kucheperapo. Kumene madokotalawa ali okwanira yankho limabwera pakatha sabata imodzi kapena masabata angapo. Kumene ali osowa limatha miyezi, ndipo kanyamako kamayenda mtunda wautali kupita ku mzinda kumene kuli labotale.

Apa kuchedwa kumakhala ndi kulemera kwina. Ngati dokotala anaona chotupa chimene akuchiganizira kuti ndi khansa yeniyeni, nkhani ya zaka 15 ija siigwiranso ntchito. Khansa imene yayamba kale imakula m'miyezi, ndipo mayi wotere ali ndi ufulu wonse wovutitsa, kufunsa sabata ndi sabata, ndi kupempha kuti pa fomu pake palembedwe kuti n'zachangu.

Kodi masabatawa akuwononga chiyani?

Kwa mayi amene alibe zizindikiro ndipo wangoyezetsa mwa nthawi zonse, kudikira masabata awiri kapena 6 sikusintha chilichonse m'thupi. Maselo amene amatenga zaka kuti asinthe sangadumphe kuchoka pabwinobwino kufika pa khansa m'mwezi umodzi. Ndipo amayi ochuluka kwambiri amene ayezedwa zotsatira zawo zimatuluka zabwino. Ngakhale pamene papezeka maselo ofunika kuchotsa, malangizo a WHO amati chithandizo chichitike mwamsanga mmene zingathekere, pasanathe miyezi 6. Izi zikusonyeza kuti nthawi ilipo ndithu, koma ili ndi malire.

Umboni wa malirewo unachokera ku nkhani yomvetsa chisoni ya ku New Zealand. Kuyambira mu 1966, pa chipatala cha National Women's Hospital mumzinda wa Auckland, amayi ena amene anali ndi CIN3 ankangowayang'anira osawachiza, ambiri osauzidwa n'komwe, chifukwa dokotala wina ankakhulupirira kuti vutoli silisanduka khansa. Nkhaniyi inaululika mu 1987 ndipo boma linaifufuza. Patapita zaka, akatswiri atawerenganso mafayilo a amayiwo anapeza kuti mwa amene sanachizidwe, pafupifupi mmodzi mwa atatu anadwala khansa m'kati mwa zaka 30 zotsatira, pamene mwa amene anachizidwa bwino sanakwane mmodzi pa 100. Manambala amenewa akunena zinthu ziwiri nthawi imodzi. Matendawa amayenda pang'onopang'ono kwambiri, moti mwezi umodzi si kanthu. Koma akasiyidwa amafika ndithu.

Ndiye ngozi yaikulu ya kuchedwa si zimene maselo akuchita m'masabata amenewo. Ngozi ndi yakuti mzere ukatalika, ulusi wolumikiza mayi ndi zotsatira zake umaduka. Nambala ya foni imasintha. Banja limasamuka. Mayi amabwera tsiku limene anauzidwa, atasiya ntchito ndi ana, n'kuuzidwa kuti, "Amayi, sizinabwere, mubwerenso mwezi wamawa." Amabweranso, yankho lomwelo. Ulendo wachitatu sabwera, ndipo sitingamunene. Pepala likafika limaikidwa mu fayilo, namwino amene ankamudziwa anasamutsidwa, ndipo zotsatira zolembedwa CIN3 zimagona m'kabati zaka zisanu mwiniwake akuganiza kuti ali bwino. Mu 2022 amayi pafupifupi 660,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa imeneyi ndipo pafupifupi 350,000 anamwalira, 94 pa 100 alionse a iwo m'maiko osauka ndi apakatikati. Ambiri mwa amenewa sanayezedwepo n'kamodzi komwe, koma m'gulumo mulinso amene anayezedwa, yankho osawapeza.

Palinso mtengo wa nkhawa, umene sitiyenera kuupeputsa. Mayi amene wagona masabata 8 mtima uli m'mwamba, akudzidzimuka foni ikalira, amakumbukira zimenezo akaitanidwanso patapita zaka zitatu, ndipo amafotokozera anzake.

Kufupikitsa ulendo

Kuduka kwa ulusi kumeneku ndi kumene kunabala njira yoyeza ndi kuchiza tsiku lomwelo. Mayi akapezeka ndi malo oyera pa VIA, kapena ndi kachilombo pa makina a ola limodzi, ndipo malowo ndi aang'ono komanso ooneka onse, namwino amawawononga pompo. Angathe kuwaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri, kapena kuwatentha ndi kachitsulo kofika madigiri 100 kwa masekondi 20 mpaka 40 pamalo alionse. Kachipangizo kotenthaka n'kakang'ono, kena kamayendera batire, ndipo mayi amabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Madokotala ena poyamba ankakana, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka: popanda kutsimikiza ku labotale, amayi ena amachizidwa pamene vuto lawo likanatha lokha. Zimenezi zimachitikadi. Koma kafukufuku amene Lynette Denny ndi anzake anachita ku Khayelitsha, ku South Africa, pa amayi oposa 6,500, amene anasindikizidwa mu 2005, anasonyeza phindu lake. Patatha miyezi 6, m'gulu lonse la amayi amene anayezedwa HPV, opezeka nako n'kuchizidwa mosachedwa, amene anali ndi maselo oopsa sanakwane mmodzi pa 100, pamene m'gulu limene chithandizo chinachedwetsedwa anapitirira atatu pa 100. Ine ndimaona kuti kumene mayi sangathe kubwera kanayi, kuchiza ochepa amene sankafunikira kwenikweni n'kwabwino kusiyana ndi kutaya ambiri amene ankafunikira. Kumene kalata imafika ndipo chipatala chili pafupi, kudikira kutsimikiza kuli ndi nzeru yake, makamaka kwa atsikana amene sanabereke, popeza kudula mbali yaikulu ya khomo kumawonjezera pang'ono chiopsezo chobereka mwana masiku asanakwane.

Mu November 2020 bungwe la WHO linakhazikitsa zolinga zitatu zofika nazo mu 2030: atsikana 90 pa 100 alandire katemera wa HPV asanakwane zaka 15, amayi 70 pa 100 ayezedwe pofika zaka 35 ndiponso pofika zaka 45, ndipo 90 pa 100 a opezeka ndi vuto achizidwe. Pakati pa cholinga chachiwiri ndi chachitatu palibe china koma nkhani yathu ino, ya yankho kufika kwa mwiniwake.

Kudikira kochita kufuna

Si kudikira konse kumene kuli kulephera. Mayi angalandire zotsatira zakuti kachilombo kapezeka koma maselo ali bwino, abwerenso pakatha miyezi 12, kapena kwina miyezi 24. Ambiri amakhumudwa, amaona ngati awabweza opanda thandizo. Koma palibe mankhwala opha HPV, ndipo palibe maselo odwala oti achotsedwe. Chakacho chaperekedwa kuti thupi lichite ntchito yake, ndipo kwa ambiri kuyeza kwachiwiri kumapeza kachilombo katatha. Kubwera msanga pakatha miyezi iwiri sikungaonetse chatsopano. Chofunika ndi kusaphonya tsikulo. Komanso kupezeka ndi HPV si umboni wakuti wina m'banja wayenda njira zina posachedwa, chifukwa kachilomboka kangathe kukhala chete m'thupi zaka zambiri kasanaonekere.

Chimodzimodzi zotsatira zakuti sampulo sinali yokwanira. Zimatanthauza kuti maselo anali ochepa, kapena anaphimbika ndi magazi kapena chikazi, ndipo katswiri wakana kulosera. Amati mudikire pafupifupi miyezi itatu musanabwereze kuti maselo a pamwamba amerenso. Kupewa kuyezetsa masiku a msambo kumachepetsa vuto limeneli.

Musanatuluke m'chipinda choyezera

Nthawi yabwino yolimbana ndi kuchedwa ndi tsiku loyezetsa lomwelo, namwino akadali pamaso panu. Mufunseni dzina la njira imene wakuyezerani, ndipo alembe m'buku kapena pa khadi lanu pamodzi ndi deti ndi nambala ya sampulo ngati ilipo. Nambala imeneyo ndi imene labotale imafufuzira, ndipo mayi amene ali nayo amapezeredwa zotsatira zake mosavuta kusiyana ndi amene akungotchula dzina. Mufunse kuti zituluka liti, ndiponso ngati adzakuimbirani, adzakulemberani, kapena muyenera kubwera nokha. Funso limene ambiri amaiwala ndi ili: "Kodi zikakhala zabwino mudzandiuzanso?" Zipatala zina zimangoimbira amene apezeka ndi vuto, ndipo dongosolo lotere limachititsa kuti mayi amene fayilo yake yasowa asasiyane ndi amene ali bwino. Onetsetsani kuti nambala ya foni imene yalembedwa ndi yolondola, ndipo ngati n'kotheka perekaninso ya munthu wina amene mumamukhulupirira.

Tsiku limene analonjeza likadutsa ndi sabata imodzi kapena masabata awiri, funsani. Akati sizinabwere, funsani ngati sampuloyo inafika ku labotale, chifukwa sampulo imene ili pa mzere ndi yosiyana ndi imene inasowa panjira kapena inakanidwa. Yoyambayo ingofunika kudekha, yachiwiriyo ifunika kuyezedwanso, ndipo miyezi itatu ikatha popanda amene akudziwa kumene ili, pemphani kuti akuyezeninso. Zikabwera, pemphani kuti zilembedwe, pamodzi ndi chaka chimene muyenera kubweranso.

Zonsezi zikukhudza mayi amene sakumva chilichonse. Amene akutaya magazi pambuyo pogonana, pakati pa msambo ndi msambo, kapena atasiya kale kusamba, amene akutuluka chikazi chamadzimadzi chonunkha kapena chosakanikirana ndi magazi, kapena akumva kupweteka m'chinena ndi kumsana kosatha, asadikire zotsatira za kuyeza kwa nthawi zonse, ngakhale zam'mbuyomu zinali zabwino. Nthawi zambiri zizindikirozi zimachokera ku matenda ena ochizika msanga, koma zimafuna kuti dokotala aone khomolo ndi maso ake sabata yomweyo, ndipo mayiyo anene momveka pofika kuti wabwera chifukwa akutaya magazi, kuti asamuike pa mzere wa ongoyezetsa.